Mphaka ndi Chakudya cha Nsomba cha M'paketi: Mafunso ndi Mayankho

Pakhomo pamene pali mphaka, usipa sukazingidwa mobisa. Fungo likangotuluka kukhitchini, uyo watulukira, mchira m'mwamba, akudzikhuza m'miyendo ya wophika. N'chifukwa chake munthu akaona m'sitolo timapaketi ndi zitini za chakudya chofewa cha amphaka, zojambulidwa nsomba pamwamba, amakhulupirira kuti wapeza chakudya chimene chiweto chake chinabadwira. Zoona zilipo pamenepo, koma nkhani yake ndi yaitaliko. Mayankho otsatirawa akunena za mphaka wamkulu, amene wapitirira chaka chimodzi ndipo alibe bere kapena ana oyamwa.

Kodi nsomba si ndiye chakudya chachibadwa cha mphaka?

Ayi. Mphaka wa pakhomo anachokera kwa vumbwe, amene asayansi amamutchula kuti Felis lybica, wa kumadera ouma a ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa. Anayamba kuyandikira midzi zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu atayamba kusunga mbewu m'nkhokwe ndipo makoswe atachuluka. Pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 m'mene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Ndiwo za vumbwe ndi mbewa, mbalame ndi abuluzi, osati za m'madzi.

Nanga n'chifukwa chiyani amapenga nayo nsomba? Yankho lili pa lilime. Mu 2005 ofufuza a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa kuti mphaka samva kutsekemera kwa shuga. Chimene amamva kwambiri ndi kukoma kwa nyama. Mu 2023 Scott McGrane ndi anzake a ku Waltham ku England anapeza kuti nsomba ya tuna ili ndi histidine ndi inosine monophosphate wambiri, zinthu ziwiri zimene zikakumana zimadzutsa kwambiri kukoma kumeneku pa lilime la mphaka. Choncho kulira kwa mphaka wanu pofuna nsomba kukukuuzani zimene zimamukomera. Sikukukuuzani zonse zimene thupi lake likufuna.

Paketi yake akuti ndi madzi okhaokha. Kodi sindikungotaya ndalama?

N'zoona kuti pa magalamu 100 alionse a chakudya chofewa, magalamu 75 mpaka 80 ndi madzi, pamene chakudya chouma chija chokukuta chimakhala ndi madzi pafupifupi magalamu 10 okha. Koma kwa mphaka madzi amenewo ndi theka la phindu lake. Makolo ake ankapeza madzi m'thupi la mbewa imene agwira, ndipo mpaka lero mphaka sachedwa kunyalanyaza ludzu. Impso zake zimasunga madzi pokhuthalitsa mkodzo. Mphaka wolemera makilogalamu 4 amafunika madzi pafupifupi mamililita 200 patsiku, ndipo amene amadya chouma chokhachokha nthawi zambiri samwa okwanira kubwezera amene akusowa m'chakudyacho. Mkodzo ukakhala wokhuthala nthawi zonse, timiyala timapangika mosavuta m'chikhodzodzo. Kwa mphaka wamphongo zimenezi n'zoopsa kwambiri chifukwa njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza. Mukamuona akunjuta pafupipafupi, akulira, koma mkodzo osatuluka, musadikire mawa. Thamangani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, pakuti mphaka wotsekeka mkodzo amatha kufa m'masiku awiri kapena atatu.

Madziwo amasokonezanso ambiri powerenga manambala. Paketi yofewa ikalembedwa kuti mapuloteni ndi 10 peresenti, thumba la chouma n'kulembedwa 30 peresenti, munthu amaganiza kuti chouma ndicho chapambana. Chotsani madzi kaye. Ngati madzi ndi 80 peresenti, chakudya chenicheni ndi magalamu 20 pa 100, ndipo magalamu 10 a mapuloteni pa magalamu 20 ndi theka lathunthu, 50 peresenti. Chouma chija, magalamu 30 pa 90, chikungopitirira pang'ono 33 peresenti. Bungwe la AAFCO, limene limaika miyezo ya zakudya za ziweto ku America, limati chakudya cha mphaka wamkulu chisachepere 26 peresenti ya mapuloteni ndi 9 peresenti ya mafuta, madzi atachotsedwa.

Kodi nsomba imapatsa mphaka chiyani chimene nsima ndi nyemba sizingamupatse?

Apa ndiye pagona nkhani. Galu ndi munthu amatha kukhala ndi moyo ndi zakudya za kumunda, koma thupi la mphaka linasiya kalekale kudzipangira zinthu zina chifukwa linkazipeza zopsa kale m'nyama. Vitamini A sangamupange kuchokera ku karoti kapena maungu. Mafuta otchedwa arachidonic acid sangawapange okwanira kuchokera ku mafuta a mtedza kapena a mpendadzuwa. Ndipo pali taurine.

Taurine amapezeka m'mnofu wa nyama ndi nsomba, m'mbewu mulibe. Mphaka amapanga wochepa kwambiri, komanso amamutaya tsiku ndi tsiku kudzera mu ndulu. Mu 1975 ofufuza anaonetsa kuti mphaka wosowa taurine maso ake amawonongeka mkati mpaka kuchita khungu. Kenako mu 1987 dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis analengeza m'magazini ya Science kuti nthenda ina ya mtima imene inkapha amphaka ochuluka, imene mtima umafutukuka ndi kulefuka, inkayamba chifukwa cha kuchepa kwa taurine m'zakudya zogula. Amphaka odwala atapatsidwa taurine, mitima yawo inayambanso kupopa bwino. Makampani anasintha kapangidwe ka zakudya ndipo nthendayo inachepa kwambiri. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa eni amphakawo sanali osasamala. Ankagula chakudya mokhulupirika, koma munkasowa kanthu kamodzi kosaoneka ndi maso.

Lero AAFCO imati chakudya cha m'chitini chikhale ndi taurine wosachepera 0.2 peresenti, kuwirikiza kawiri wa m'chouma, chifukwa chakudya chophikidwa m'chitini chimachititsa kuti mphaka ataye taurine wambiri m'matumbo.

Nanga mafuta a nsomba, amene anthu amawatama, amathandizanso mphaka?

Amathandiza. Nsomba zonona monga sardine, pilchard, mackerel ndi salmon zili ndi mafuta a omega-3 otchedwa EPA ndi DHA, amene amathandiza khungu, ubweya ndi mfundo za mafupa. Koma mafuta omwewa sachedwa kuwonongeka m'thupi, ndipo powateteza thupi limagwiritsa ntchito vitamini E wambiri. Mphaka amene amangodya nsomba yonona kwa miyezi, makamaka tuna wofiira, popanda vitamini E woonjezera, mafuta a pansi pa khungu lake amatupa, amalimba n'kusanduka achikasu. Madokotala amaitchula nthendayi kuti pansteatitis. Mphaka amatentha thupi, amasiya kudya, ndipo ngakhale kumusisita pamsana kokha amalira ndi ululu. N'chifukwa chake opanga chakudya chokwanira amathiramo vitamini E.

Timakhala kufupi ndi nyanja. Bwanji tingomupatsa nsomba yaiwisi?

Kamodzikamodzi, akatola kansomba padoko, sikangamuphe. Chizolowezi ndicho choopsa. Nsomba zambiri zaziwisi, monga carp ndi herring, zili ndi thiaminase, chinthu chimene chimaphwanya vitamini B1. Mphaka amafuna vitamini ameneyu wochuluka kuposa galu, ndipo thupi lake silisunga wambiri. Pakangotha milungu yochepa amayamba kukana chakudya, kusanza ndi kudzandira poyenda. Khosi limapindikira pansi mpaka chibwano kufika pachifuwa, ndipo pamapeto pake amakomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Akafika msanga kwa dokotala n'kubayidwa vitamini B1, ambiri amachira m'masiku ochepa. Kuphika kumawononga thiaminase, kumaphanso njoka za m'mimba ndi majeremusi amene angakhale m'nsombamo. Moto womwewo umawononganso gawo la vitamini B1, n'chifukwa chake a m'fakitale amathiramo wochuluka asanatseke chitini.

Ndingadziwe bwanji kuti paketi imene ndagula ndi yabwino?

Musayambire pa chithunzi. Tembenuzani paketi ndipo mufunefune mawu amodzi. Ngati palembedwa kuti "complete", ndiye kuti chakudyacho chili ndi zonse zimene mphaka amafuna, moti angadye chokhacho tsiku lililonse. Ngati palembedwa kuti "complementary", ndi chongoonjezera, sichiyenera kukhala chakudya chake chenicheni. Zambiri zooneka bwino kwambiri, zija zokhala ndi minofu yoyera ya tuna yoyandama mu msuzi, zimakhala za gulu lachiwirili, ndipo nthawi zambiri ndizo zokwera mtengo. Mphaka wongodya zimenezi amasowa kashiamu, mavitamini ndi zina pang'onopang'ono mwini wake asakudziwa. Zoterezi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha patsiku.

Dziwaninso kuti nsomba yojambulidwa pamwamba ikhoza kukhala yochepa mkati. Malamulo a ku Ulaya amalola mawu akuti "with tuna" ngati muli tuna wokwana 4 peresenti yokha, ndipo ku America 3 peresenti imakwanira. Zotsalazo zimakhala nkhuku, chiwindi, mapapo ndi ziwalo zina za nyama. Zimenezi si zoipa kwa mphaka. Vumbwe akagwira mbewa amadya zonse, zamkati ndi mafupa omwe, ndipo m'zamkatimo ndi mmene muli vitamini A ndi taurine wambiri. Kwa ine, paketi yotchipa yolembedwa "complete" imaposa yodula yolembedwa "complementary".

Kodi nsomba za m'chitini zimene timadyera nsima tingamupatse?

Zinakonzedwera anthu. Zimakhala ndi mchere wambiri, ndipo zina msuzi wake muli anyezi kapena adyo, zimene zimaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka, kaya zaziwisi kaya zophika. Tuna wa m'chitini amakhala mnofu wokhawokha wopanda minga, choncho fosifolasi ndi wambiri koma kashiamu ndi wochepa, pamene mphaka amafuna ziwirizi zikhale pafupifupi zofanana. Kashiamu akamasowa, thupi limamukumba m'mafupa. Tuna ndi nsomba yaikulu yodya zinzake, motero imasonkhanitsa mekyule wambiri kuposa tinsomba ting'onoting'ono. Supuni imodzi ya tuna wa m'madzi, apo ndi apo, ilibe vuto.

Ngati paketi ndi yokwanira, kodi angadye ya nsomba tsiku lililonse?

Angathe, koma ndi bwino kumusinthasinthira ndi ya nkhuku kapena ya nyama zina. Mphaka akazolowera fungo lamphamvu la nsomba amatha kukana china chilichonse, ndipo tsiku limene adzadwale n'kufunika chakudya chapadera mudzavutika naye. Mphaka simuyeneranso kumukhaulitsa ndi njala kuti agonje, chifukwa akakhala masiku angapo osadya, makamaka wonenepa, mafuta amaunjikana m'chiwindi ndipo amadwala kwambiri. Chatsopano muzisakaniza pang'onopang'ono ndi chakale kwa mlungu umodzi.

Nsomba ili pamodzi ndi nyama ya ng'ombe ndi nkhuku pa zakudya zimene amphaka ena matupi awo sagwirizana nazo. Chizindikiro chake ndi kudzikanda kumutu, m'makutu ndi m'khosi mpaka zilonda, nthawi zina kusanza kapena kutsegula m'mimba. Koma yambani mwaona utitiri, pakuti ndiwo umayambitsa kuyabwa kawirikawiri. Mphaka wokalamba amene impso zake zayamba kufooka amafunika fosifolasi wochepa, ndipo chakudya chopangidwa ndi nsomba zogayidwa ndi minga yomwe chimakhala naye wambiri. Wotereyo chakudya chake asankhe ndi dokotala.

Ndizimupatsa chochuluka bwanji?

Mphaka wa makilogalamu 4 wosayendayenda kwambiri amafuna makalori 200 mpaka 250 patsiku. Kapaketi ka magalamu 85 kamakhala ndi makalori apakati pa 70 ndi 85, choncho atatu patsiku amakwana ngati sakudya china. Mugaweni kawiri kapena katatu. Muyezo wina uli m'manja mwanu: mukamusisita m'mbali, nthiti zizimveka mosavuta koma zisamaoneke.

Mapaketi atatu patsiku ndi ndalama zambiri. Nanga ife osakwanitsa titani?

Funso limeneli ndi la ambiri a ife, ndipo palibe chochititsa manyazi. Amphaka ochuluka a m'midzi ndi m'makomboni amakhala athanzi chifukwa amasaka. Mbewa ndi chakudya chokwanira kwa mphaka. Amene amandidetsa nkhawa ndi mphaka wotsekeredwa m'nyumba ya m'tauni, amene sagwira kanthu, n'kumangodya mkute wothira msuzi. Nsima imadzaza mimba yake koma mulibe taurine, ndipo msuzi wathu nthawi zambiri muli anyezi ndi mchere.

Ngati mukumupatsa usipa, matemba kapena kapenta, mupatulireni ake musanathire mchere, anyezi ndi tsabola. Zouma zamchere muziyamba mwaviika m'madzi n'kutaya madziwo. Wiritsani m'madzi ochepa, ndipo msuzi wake mumupatse womwewo, chifukwa taurine amasungunukira m'madzi pophika. Tinsomba timeneti tili ndi ubwino wakuti timadyedwa tathunthu, mutu ndi minga yomwe, motero kashiamu alimo. Chambo kapena mlamba muzichotsa minga, ingamulase pakhosi. Masiku ena mupatseni mitima ndi nthutumba za nkhuku, dzira lophika, ndi kachiwindi kakang'ono kamodzi pamlungu, osapitirira, pakuti vitamini A akachuluka amaumitsa mafupa a m'khosi. Amene angakwanitse thumba la chouma cholembedwa "complete" ndi kapaketi kamodzi kofewa patsiku wachita bwino kwambiri.

Chotsala ndingachisunge bwanji?

Chakudya chofewa chimasasa msanga, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Chimene chakhala m'mbale kupitirira ola limodzi kapena awiri pa nyengo yotentha chitayeni, ndipo mbaleyo itsukidwe ndi sopo ntchentche zisanaikire mazira. Chotsala m'chitini chisamutsireni m'kontena yotseka, muike mufiriji, chithe pasanathe masiku awiri. Pomupatsa thiranimo madzi ofunda pang'ono, chifukwa mphaka sakonda chozizira ndipo kufunda kumadzutsa fungo. Ngati kwanu magetsi amazimazima kapena mulibe firiji, gulani timapaketi ting'onoting'ono totha nthawi imodzi m'malo mwa chitini chachikulu. Chitini chofufuma, chadzimbiri kapena chodontha musachitsegule n'komwe.