Kusindikiza Uli Kutali: Zomwe Ndidaphunzira Poyesa Imelo ndi Mtambo

Mu nkhani ino ndifotokoza momwe munthu angatumizire zolemba zake ku makina osindikizira omwe ali kutali pogwiritsa ntchito imelo, komanso zomwe zimachitikira zolembazo zili pa ulendo. Njirayi sindidaiyese chifukwa chokonda zamakono ayi. Adandikakamiza ndi maliro.

Agogo anga aakazi adatisiya Lolemba, sabata yomwe tinkayenera kupereka ntchito ya phunziro la kamvekedwe ka mawu. Ntchito yanga idali ya masamba 14 ndipo inkafotokoza za kukwera ndi kutsika kwa liwu m'aneni a Chichewa. Aphunzitsi adali atanenetsa kuti akufuna ntchito ya papepala, yoponyedwa m'bokosi la ku dipatimenti isanakwane 12 koloko masana Lachisanu. Sindiwada nazo, pakuti kuchonga tizizindikiro ta pamwamba pa malembo kumafunadi pepala ndi cholembera chofiira. Ndidanyamuka kupita kwathu ku Ntcheu ndi foni yanga komanso laputopu yobwereka. Tidaika maliro Lachitatu, koma akuluakulu adati adzukulu tonse tidikire mpaka Loweruka. Pakhomo pa maliro munthu sutsutsana ndi amalume chifukwa cha pepala la kusukulu.

Mtambo n'chiyani?

Mawu akuti "mtambo" tidangowatembenuza kuchokera ku Chingerezi, ndipo kwa ine ndi osocheretsa. Mchewa akamva za mtambo amaganiza za mvula, chinthu chopanda mwini chomwe chimangoyandama kumwamba. Koma mtambo womwe tikunena pano uli pansi pompano ndipo uli ndi eni ake. Ndi makompyuta amphamvu otchedwa maseva, omwe makampani amawasunga m'nyumba zikuluzikulu zoziziritsidwa usiku ndi usana, zambiri mwa izo zili kunja kwa dziko lino. Dzinali lidabwera chifukwa akatswiri pojambula chithunzi cha netiweki ankajambula kamtambo pa gawo lomwe sankafuna kulifotokoza mwatsatanetsatane. Ndikadakhala ine wopereka dzina, ndikadati "nkhokwe ya eni", chifukwa zomwe timachita n'zofanana ndi kusungitsa chimanga kwa munthu wina n'kumakatapako tikafuna.

Ambiri a ife tidayamba kugwiritsa ntchito mtambo tisanamve n'komwe dzina lake, kudzera mu imelo. Imelo ndi yakale ndithu: Ray Tomlinson ndi amene adayamba kugwiritsa ntchito chizindikiro cha @ pa adiresi mu 1971. Koma imelo yoti munthu wamba n'kuitsegula pa kompyuta iliyonse idafala ndi Hotmail, yomwe idayamba mu 1996. Pomwe Google inkakhazikitsa Gmail pa 1 Epulo 2004, idapatsa munthu aliyense malo okwana 1 GB, nthawi yomwe Hotmail yaulere inkapereka 2 MB yokha, ndipo ena adayesa nthabwala chabe poona tsikulo. Lero malo aulerewo ndi 15 GB, ogawana pakati pa makalata, zithunzi ndi mafayilo ena.

Pali njira ziwiri zodziwika zomwe pulogalamu ya pa foni kapena pa kompyuta imatengera makalata ku seva. Njira ya POP imatsitsa makalatawo, ndipo kawirikawiri imawafufuta ku seva, ngati munthu wokatenga makalata ku positi ofesi n'kusiya bokosi lopanda kanthu. Njira ya IMAP imawasiya komweko n'kungokuonetsa, kotero kuti kalata yomwe waiwerenga pa foni uipezanso pa kompyuta ina iliyonse. Kusiya makalata ku seva ndi komwe kudandipulumutsa. Ndidali ndi chizolowezi chodzitumizira ndekha ntchito yanga usiku uliwonse ndisanagone, choncho ngakhale fulashi ndidaiiwala ku hositelo chifukwa cha phuma, ntchitoyo idali kundidikira mu imelo.

Kuitsegula ndiye kudali kovuta. Popeza laputopu idali yachilendo, seva idafuna kutsimikiza kuti wolowayo ndinedi, ndipo idatumiza nambala yachinsinsi ku foni yanga. Kumudzi kwathu netiweki imagwira bwino pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa dimba la amalume. Nambala yoyamba idafika mochedwa itatha kale mphamvu. Yachiwiri ndidailandira nditaima pamwamba pa chulucho, laputopu ili m'manja, ana a m'mudzi atandizungulira.

Momwe pulinta imalandirira kalata

Pafupi ndi sukulu yathu pali kashopu kosindikiza ndi kukopera mapepala. Mwini wake adali atandiuzapo kuti pulinta yake yatsopano "ili ndi imelo yakeyake", ine n'kungoseka. Lachitatu madzulo ndidamuimbira.

"Achimwene, zija munkanena zija n'zoona? Ndili ku maliro kuno ndipo ntchito yanga ikufunika Lachisanu."

"Pepani ndi zovutazo, mlongo. N'zoona ndithu. Ndikutumizirani adiresi yake, koma mundiuze kaye imelo yanu ndiilembetse, apo ayi makinawa akukanani."

Luso limeneli lidayamba kufala cha mu 2010. M'chaka chimenecho kampani ya HP idatulutsa ePrint, Google idalengeza za Cloud Print, ndipo pambuyo pake Epson idatsatira ndi Epson Connect. Kagwiridwe ntchito ka njira ya imelo n'kotere. Mwini pulinta amailumikiza ku intaneti n'kuilembetsa ku seva ya kampani yomwe idaipanga, ndipo sevayo imaipatsa adiresi ya imelo. Wofuna kusindikiza amalemba kalata ku adiresiyo n'kumatako fayilo yake. Kalatayo sipita ku pulinta mwachindunji. Imafikira ku seva, yomwe imayang'ana ngati wotumizayo ali pa mndandanda wa ololedwa, kenako imatsegula fayiloyo n'kuisandutsa chinthu chomwe pulinta ingamve. Pulintayo imakhala yolumikizana ndi sevayo nthawi zonse, ndipo ikauzidwa kuti kwabwera ntchito imaitenga n'kuyamba kutulutsa mapepala. Mndandanda wa ololedwa uja ndi wofunika kwambiri, chifukwa popanda iwo aliyense wodziwa adiresi akhoza kukuthera inki ndi mapepala ali ku Karonga.

Mfundo yomwe ophunzira zilankhulo tiyenera kuigwiritsa ndi iyi: amene amatsegula fayilo yako si kompyuta yako, koma seva ya eni. Ine sindidaganizire zimenezi.

Kuyesa koyamba

Lachinayi m'mawa ndidakweranso pachulu n'kutumiza fayilo yanga ya Word monga momwe idalili. Patapita mphindi zochepa ndidalandira uthenga woti ntchito yasindikizidwa. Ndidapempha mnzanga wa m'kalasi kuti akatenge mapepalawo, ndipo ndidabwerera kukathandiza kutsuka mbale mtima uli m'malo. Masana foni idalira.

"Iwe, ntchito yakoyi yatuluka masamba 17, ndipo mwadzaza timabokosi. Ndikujambulire uone wekha."

Zithunzi zitafika ndidakhala pansi. Tsamba loyamba silidali la ntchito yanga konse, koma moni ndi mawu othokoza omwe ndidalembera mwini shopu m'kalatamo, pakuti makina otere amasindikizanso uthenga wa mu imelo pa tsamba lakelake ngati sadauzidwe kuti asatero. Limenelo lidali vuto laling'ono. Vuto lenileni lidali pa zitsanzo zanga.

M'kalembedwe ka tsiku ndi tsiku Chichewa sitichiika zizindikiro za liwu, koma pofufuza chilankhulo sitingachitire mwina. Mawu akuti mténgo, womera m'tchire, amasiyana ndi mtengo, wa katundu pa msika, chifukwa cha kukwera kwa liwu kokha. M'aneni nkhaniyi imakula kwambiri. Tikati ndináthandiza, liwu likukwera pa -na-, tikunena zomwe zidachitika kale. Tikati ndinathándiza, liwu likukwera pa -tha-, tikunena zomwe zachitika posachedwa. Malembo ndi omwewo, chosiyanitsa ndi kamzere kamodzi. Ntchito yanga yonse idatsamira pa timizere timeneti.

Polemba ndidagwiritsa ntchito mtundu wa malembo wotchedwa Charis SIL, womwe udakonzedwa kuti uzitha kulemba zizindikiro za akatswiri a zilankhulo. Fayilo ya Word nthawi zambiri simanyamula mtundu wa malembo. Imangotchula dzina lake, poyembekeza kuti kompyuta yoitsegula ili nawo. Kompyuta ikaupeza kuti palibe, imasankha wina wofananako. Izi n'zomwe zidachitika. Zizindikiro monga ŋ ndi β zidasanduka timabokosi topanda kanthu. Choipitsitsa chidali chakuti timizere ta liwu, tomwe ndidatilemba padera pambuyo pa lembo lililonse, tidatsetsereka n'kukakhala pakati pa a ndi t, moti wowerenga sakadadziwa ngati kamzereko n'ka -na- kapena ka -tha-. Kabokosi munthu amakaona n'kudziwa kuti makina alakwitsa. Kamzere kosuntha kamaoneka ngati wolemba ndiye sadziwa zomwe akunena. Komanso popeza malembo olowa m'malowo adali otambalala, matebulo anga adasweka n'kudumphira pa masamba ena.

Cholakwa chidali changa, ndipo mankhwala ake ndi apafupi: kusandutsa fayilo kukhala PDF usanatumize. PDF, yomwe kampani ya Adobe idaitulutsa mu 1993, imasunga tsamba monga momwe likuonekera ndipo imatha kunyamula malembo ake m'kati mwake. Ukaisunga uyenera kuitsegulanso n'kuyang'ana pa mndandanda wa malembo ngati alowadi m'fayilomo. Ine ndidachitanso china: ndidaitsegula pa foni, yomwe ilibe Charis SIL, kuti ndione ngati zizindikiro zikhalebe m'malo mwake. Zidakhala.

Kuyesa kwachiwiri

Batire ya laputopu idatha ndisanamalize, ndipo ndidakwera kabaza kupita pa tawuni kukatchajitsa pa malo ometera tsitsi. Cha m'ma 4 koloko ndidatumizanso, ulendo uno PDF, osalemba kalikonse m'kalatamo. Ndidadikira uthenga wotsimikiza, koma sudabwere. Nditaimba, mwini shopu adati:

"Magetsi athima kuno, mlongo. Koma musatumizenso ayi, chifukwa akayaka zituluka kawiri ndipo mulipira kawiri."

Ankanena zoona. Pulinta ikazima, seva imasunga ntchito kwa kanthawi ndithu n'kuipereka pulintayo ikadzalumikizananso. Usiku umenewo ntchito yanga idagona m'nkhokwe ya eni, m'dziko lomwe sindilidziwa, ine ndili gone pa mphasa pakati pa azakhali ndi asuweni, osapeza tulo. Magetsi adayaka usiku, koma shopu idali yotseka. M'mawa mwa Lachisanu pulinta itayatsidwa idatulutsa masamba asanu ndi limodzi n'kuima, mapepala atatha m'thireyi. Palibe seva yomwe ikadaika mapepala m'menemo. Adaika ndi mnyamata wothandiza mu shopu, ndipo ndalama ndidalipira pa foni.

Zoyenera kuziganizira munthu asanatumize

Pambuyo pake ndidayamba kuwerenga manja omwe ntchito yanga idadutsamo: kampani ya foni, seva ya imelo yanga, seva ya kampani ya pulinta, mwini shopu, mnyamata wake ndi mnzanga uja. Pa ntchito ya m'kalasi zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, ngakhale kuti pepala losiyidwa pa thireyi wophunzira wina aliyense akhoza kulijambula. Koma ife a zilankhulo timasunganso zokambirana ndi anthu a m'midzi, momwe muli mayina awo, zaka zawo ndi nkhani za m'mabanja mwawo, zomwe adatiuza titawalonjeza chinsinsi. Kuyambira mu 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, ine zoterezi sindingazitumize ku pulinta yomwe sindikuiona. Ndingayambe ndachotsamo mayina, kapena kudikira mpaka nditakaima pambali pa makinawo ndekha.

Chinanso n'chakuti mwini nkhokwe akhoza kuipasula. Google Cloud Print idagwira ntchito zaka pafupifupi khumi, masukulu ndi maofesi ambiri n'kuidalira, koma Google idaitseka kumapeto kwa chaka cha 2020 ndipo onse omwe ankaigwiritsa ntchito adayenera kufuna njira zina. Microsoft idatulutsa yake yotchedwa Universal Print mu 2021, koma iyo ndi ya mabungwe olipira, osati ya wophunzira wongofuna masamba 14. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Masiku ano ntchito iliyonse ndimaisunga patatu: mu imelo, pa fulashi ndi pa foni. Ndipo ndikamaliza pa kompyuta ya wina ndimatuluka mu imelo yanga ndisanaibweze, chinthu chomwe ndidatsala pang'ono kuiwala pa laputopu yobwereka ija.

Wina angafunse chifukwa chomwe sindidangotumizira mwini shopu fayiloyo pa WhatsApp monga achitira ambiri. Ndikadatha kutero, ndipo pa kashopu kotere mwina ndiyo njira yachidule. Kusiyana kwake n'kwakuti fayilo yotumizidwa pa foni ya munthu imatsala m'foni mwake mpaka ataifufuta, ndiponso imadikira kuti iye apeze mpata woitsegula. Koma vuto la malembo likadandipezabe, pakuti kompyuta ya mu shopumo nayonso ilibe Charis SIL.

Mnzanga adaponya ntchitoyo m'bokosi nthawi ili 11:40, atayamba wandiwerengera pa foni zitsanzo za pa tsamba 6 chimodzichimodzi, akukweza ndi kutsitsa liwu pakhonde la dipatimenti ngati woimba kwaya. Patatha masabata atatu mapepala adabwezedwa. Pa tsamba 9 aphunzitsi adazunguliza ndi inki yofiira kamzere kamodzi komwe kadali pa lembo lolakwika. Ndidathamangira kukatsegula PDF ija kuti ndione ngati makina adakasunthanso. Kadali pomwe ndidakaika ndekha.