Musananyamuke Kupita Kumudzi ku Ntchisi, Konzekerani Zaumoyo

Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mponela mpaka pa boma la Ntchisi si kutali. Mavuto amayamba mukachoka pa boma n'kulowa m'misewu yafumbi yopita kwa Nthondo, kwa Kasakula kapena kwa Chikho. Mvula ikagwa, matope amachuluka m'zitunda, akabaza amakweza mtengo, ndipo munthu akadwala usiku mumasowa pogwira. Ngati mukupita ndi ana, agogo kapena mayi woyembekezera, yambani kukonzekera kudakali sabata yathunthu.

Choyamba, pitani kuchipatala komwe mumalandirira mankhwala. Kaya ndi ma ARV, kaya a BP, shuga, mphumu kapena khunyu, auzeni masiku omwe mukakhale kumudzi ndipo mupemphe opitirirapo. Tonse tikudziwa kuti ulendo wa kumaliro wa masiku atatu umatha kusanduka wa masabata awiri, abale akukambirana za ana amasiye. Musadalire kuti chipatala chaching'ono chakumudzi chikakhala ndi mtundu wa mankhwala anuwo. Aikeni m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu womangidwa kumbuyo kwa minibasi, komwe amapsa ndi dzuwa kapena kunyowa. Buku la kuchipatala la aliyense mulikulunge m'jumbo, chifukwa ndi lomwe lidzakuyankhulireni kwa dokotala yemwe sakukudziwani.

Chachiwiri, tengani neti yanu. Kuzizira kwa kumapiri kwapusitsa ambiri, koma malungo ku Ntchisi aliko, makamaka m'nyengo ya mvula. Mwana akatentha thupi, musangom'patsa panado n'kudikira. Kamuyezetseni tsiku lomwelo. Akakupatsani LA, amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka amalize, ngakhale ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri. Akakomoka, akamasanza chilichonse kapena akakana kuyamwa, nyamukani ngakhale pakati pa usiku.

Madzi nawo musawapeputse. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi a pachitsime kapena kumtsinje muwawiritse kapena muthiremo Waterguard, ndipo sungani m'ndowa yovindikira. Tengani mapaketi angapo a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Pamaliro ndi pachinkhoswe musasambe m'manja m'beseni limodzi ndi khamu lonse. Pemphani kuti akuthirireni, ndipo sopo akhalepo. Ena adzati mwayamba matama a m'tauni, koma musachite manyazi.

Mukangofika, mukamaliza malonje, funsani zinthu zitatu: mlangizi wa zaumoyo amakhala kuti, chipatala chapafupi n'chiti, ndipo ndani ali ndi njinga yamoto kapena galimoto yomwe ingayende usiku. Lembani manambala awo, foni ikhale ndi moto, ndipo patulani ndalama ya mayendedwe yosakhudza ngakhale achibale adandaule chotani. Matenda aakulu amatumizidwa kuchipatala cha boma la Ntchisi, ndipo akakula kwambiri mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukafuna uphungu, imbani nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni.

Galu akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala kukafunsa za katemera wa chiwewe. Ikakhala njoka, musatemere mphini, musayamwe, musamange chingwe. M'nyamuleni wolumidwayo asayende yekha. Mayi amene mimba yake yafika mwezi wachisanu ndi chinayi, ine ndikuti asapite ulendo wotere. Ngati n'kosapeweka, akadikirire pafupi ndi chipatala.

Mukabwerera m'tauni, malungo atha kuonekera patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wina akayamba kumva kuphwanya m'thupi kapena mutu, kayezetseni msanga, ndipo muwauze achipatala komwe mudali ndi tsiku lomwe mudabwerako.