Wogula Sanena Mtengo, Amaloza Mulu



Tsiku lina titatha Swala ya Ijumaa tinatsalira panja pa mzikiti ndi anzathu amene timalima nawo mbatata. Panabuka mkangano. Ena amati tonse tisiye mbewu yakale, tibzale yofiira mkati, ndiyo ili ndi msika. Ena amati ayi, mbewu ilibe mlandu, vuto lathu ndi loti timaunjika zazikulu ndi tizing'onoting'ono mulu umodzi. Aliyense amayankhulira wogula, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamufunsa wogulayo. Nkhaniyi si yamasewera, chifukwa mbewu ndi ndalama, mizere ndi thukuta, ndipo ukalakwitsa pobzala wataya chaka chathunthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phunziro la lero ndi la kafunsidwe kake.

Funso lachindunji silithandiza

Mukamufunsa munthu kuti, "Mulu uwu mungagule pa zingati?" simumva zoona. Wina atchula mtengo wotsika poganiza kuti mwayamba kunenerera. Wina atchula wokwera pofuna kukusangalatsani, makamaka ngati amakupatsani ulemu, koma mawa pamsika akudutsani ngati sakukudziwani. Mukafunsa kuti, "Mumakonda mbatata yotani?" ayankha kuti yaikulu, yaufa, yotsekemera, yopanda anankafumbwe, komanso yotchipa. Zonse! Inde, ndani sangafune zonse?

Koma pamsika palibe mulu umene uli ndi zonse. Mayi ali ndi ndalama yake m'manja, ayang'ana uku, ayang'ana uko, kenako aloza mulu umodzi n'kusiya winawo. Pamene walozapo ndi pamene wanena zoona, pakuti walolera kutaya china kuti apeze china.

Anthu ofufuza za misika anaiona nzeru imeneyi n'kuipatsa dzina loti conjoint analysis, kutanthauza kuyeza zinthu zingapo zili pamodzi. Mphunzitsi wina wa ku University of Pennsylvania ku America, Paul Green, ndiye anaibweretsa pa nkhani za malonda mu 1971. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Marriott inagwiritsa njira yomweyi pofuna kudziwa zimene alendo angalolere kulipira, isanamange mahotela ake otchedwa Courtyard. Iwo amawerengera pa kompyuta. Ife tiwerengera ndi njere za chimanga, koma mutu wake ndi womwewo.

Kakonzedwe ka milu

Choyamba, sankhani zinthu ziwiri zimene mukukayikira, ndipo chachitatu chikhale mtengo. Musachulutse, mungasokoneze anthu. Pa mbatata yathuyi titenge mtundu, yofiira mkati kapena yoyera. Kasankhidwe, yosankha zazikulu zokhazokha kapena yosakaniza. Ndi mtengo, K1,000 kapena K1,500. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu muike imene ili pamsika wanu sabata imeneyo.

Chachiwiri, konzani milu inayi yolemera mofanana. Yezani pa sikelo kapena ndi chitini chimodzi, musayeze ndi maso. Dulani mbatata imodzi pa mulu uliwonse kuti mkati muoneke.

Mulu woyamba: yofiira, yosankha, K1,500.
Mulu wachiwiri: yofiira, yosakaniza, K1,000.
Mulu wachitatu: yoyera, yosankha, K1,000.
Mulu wachinayi: yoyera, yosakaniza, K1,500.

Taonani bwino. Yofiira ikupezeka kawiri, kamodzi yodula, kamodzi yotchipa. Kamodzi yosankha, kamodzi yosakaniza. Chimodzimodzinso zina zonse. Tachita dala chonchi kuti chinthu chilichonse chiyezedwe mwachilungamo, china chisakwere pamsana pa chinzake.

Chachitatu, pezani anthu 20 amene amaguladi mbatata, osati abale anu okhaokha. Aliyense mumupatse njere 10 za chimanga, aziike pa miluyo monga mtima wake ukufunira: zambiri pamene angagule, zochepa kapena osaika konse pamene sangagule. Aike ali yekha, ndipo muchotse njerezo wina asanabwere, chifukwa anthufe timatsata pamene anzathu aunjika. Mwana wa sukulu akhale pambali ndi kope azilemba.

Kawerengedwe kake

Anthu 20, njere 10 aliyense, zonse ndi 200. Tiyerekeze kuti mulu woyamba wapeza 50, wachiwiri 54, wachitatu 66, wachinayi 30. Wopupuluma anena kuti wachitatu wapambana, basi tizilima yoyera. Dikirani kaye, nzeru yake siili pamenepo.

Tiyambe ndi mtengo. Milu yotchipa, wachiwiri ndi wachitatu, yapeza 54 ndi 66, pamodzi 120. Milu yodula yapeza 50 ndi 30, pamodzi 80. Kusiyana kwake ndi njere 40. Ndiye kuti kwa anthu amenewa K500 ikulemera ngati njere 40. Umenewu ndiwo muyezo wathu.

Tibwere pa kasankhidwe. Milu yosankha yapeza 50 ndi 66, pamodzi 116. Yosakaniza yapeza 54 ndi 30, pamodzi 84. Kusiyana ndi njere 32. Ngati njere 40 ndi K500, njere 8 ndi K100, ndiye njere 32 ndi K400. Kusankha mbatata kukuwonjezera pafupifupi K400 pa mulu.

Pomaliza mtundu. Yofiira yapeza 50 ndi 54, pamodzi 104. Yoyera yapeza 66 ndi 30, pamodzi 96. Kusiyana ndi njere 8 zokha, ndiyo K100.

Mwaona? Zikanatuluka chonchi, yoyera sinapambane ayi. Mulu wachitatu unakopa anthu chifukwa unali wosankha komanso wotchipa. Ndipo mkangano wa pa mzikiti uja ukanatha: mtundu ukuwonjezera pang'ono, kusankha kukuwonjezera kanayi kuposa pamenepo. Palibe amene wafunsidwa mtengo, koma mtengo wadziwika.

Musathamange ndi manambala

Nambala yatuluka, inde, koma mlimi amawerenga mbali zonse. Mukasankha zazikulu, tizing'onoting'ono totsala mutani nato? Ngati mungatigulitse patokha motchipa, kapena kudya pakhomo, kapena kupala makaka, chotsani kaye zimene mwatayazo pa K400 ija muone ngati phindu latsala.

Kumbukiraninso kuti njere si ndalama. Munthu amaika njere mosavuta kusiyana ndi kumasula mfundo ya pa chitenje. Choncho sabata yotsatira pitani ndi milu yeniyeni pa mitengo imene mwapeza, muone umene uyambe kutha. Msika ndiwo umatsimikiza.

Ogula nawonso ndi osiyana. Mayi wogulira ana pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi saganiza ngati mnyamata wokazinga tchipisi ku Limbe, amene amafuna zazikulu zosavuta kusenda. Muwafunse padera, kope lawo likhale lina. Nyengo nayo imasintha mtima wa wogula: mu Ramadan, pamene makomo ambiri akufuna mbatata ya futali pomasula, yankho lingasiyane ndi la mwezi wina.

Palinso zimene milu singakuuzeni. Mbatata yofiira mkati ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi thupi la ana. Mitundu monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire inatulutsidwa mu 2011 kudzera mu kafukufuku wa ku Bvumbwe. Ngakhale msika utaiwonjezera K100 yokha, ana anu a pakhomo akufunika mizere yawo. Ndipo tonse tikukumbuka nandolo wa 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo n'kugwa kuno mpaka ena kumusiya m'matumba. Zimenezo njere za chimanga sizikanaona. Njirayi imayeza mtima wa wogula amene ali pamaso panu, osati malamulo a maboma akutali. N'chifukwa chake sitidalira mbewu imodzi.

Kwa a nsomba

Abale amene mumakapikula matemba ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, njira ndi yomweyi. Ikani mbale zinayi: owamba kapena oyanika padzuwa, oyanika pathandala opanda mchenga kapena oyanika pansi, ndi mitengo iwiri. Mudziwa ngati kulipira kowonjezera pa matemba oyera kungabwerere. Amene muli ndi maiwe a makumba ndi chilunguni, yesani nsomba zitatu zazikulu ndi nsomba zisanu ndi zitatu zazing'ono zolemera chimodzimodzi. Musadabwe mayi wa ana ambiri akaloza zazing'onozo, chifukwa iye akuwerenga kuti mwana aliyense apate yake. Zikatero, n'kudyetseranji gaga miyezi ina yowonjezera?

Malire amene Allah anatiikira

Tsopano mawu anga ngati mwalimu wanu. Kudziwa mtima wa wogula ndi mpeni: umasenda mbatata, umathanso kucheka munthu. Mu Sura An-Nisa, ndime 29, Allah akutiletsa kudyerana chuma mwachinyengo, ndipo malonda amene akuwaloleza ndi aja ochitika mbali zonse ziwiri zitakhutira. Munthu amene mwamubisira chilema sanakhutire, wangopusitsidwa. Sura Al-Mutaffifin, ya nambala 83, ikuyamba ndi chenjezo loopsa kwa amene amafuna muyezo wodzaza akamagula koma amachepetsa akamagulitsa. Ndiye mukadziwa kuti anthu alipira K400 yowonjezera, musachotsenso mbatata imodzi pa mulu, kapena kuphwanya chitini kunsi.

Imam Muslim analandira hadisi yonena kuti Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anadutsa pa mulu wa chakudya pamsika, napisamo dzanja, napeza kuti mkati ndi monyowa. Anamudzudzula mwini wakeyo kuti akanaika chonyowacho pamwamba anthu achione, ndipo anadzipatula kwa munthu wachinyengo. Ife timati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukanena kuti mulu ndi wosankha, ukhale wosankha mpaka pansi, osati zazikulu pamwamba, zofumbwa kunsi. Matemba opanda mchenga akhale opanda mchenga mpaka kunsi kwa mbale.

Mtumiki analetsanso kukweza mtengo mwachiphamaso, munthu kunamizira kufuna katundu kuti ena atengeke. Choncho musatume mlamu wanu kuti azikaima pa mulu wanu n'kumatamanda ngati wogula. Ndipo amene mukuwapatsa njere muwauze poyera kuti mukungofuna maganizo awo. Nthawi ya njala, pamene munthu angalipire chilichonse chifukwa ana sanadye, imeneyo si nthawi yoyeza kuti angafike pati. Ndi nthawi ya chifundo ndi sadaka.

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe katundu mmodzi, kaya mbatata, tomato, nandolo wamuwisi kapena nsomba. Gwirizanani zinthu ziwiri zimene mumakanganirana, muikepo mitengo iwiri, mukonze milu inayi, mufunse anthu 20, mulembe m'kope. Muchite zimenezi musanagule mbewu, osati mutakolola kale. Zotsatira mubwere nazo tidzaziwerengere limodzi pambuyo pa Ijumaa, Insha Allah. Riziki amapereka ndi Allah, koma khasu, sikelo ndi kope anaziika m'manja mwathu.

Allah adalitse minda yathu, maiwe athu ndi malonda athu, atipatse za halali zokwanira, atitalikitse ndi za haramu. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullah.