Phunziro la Zaumoyo: Ululu wa Dzino Lovekedwa Chisoti

Amayi anzanga, kwathu kuno ku Ndunde dzino likavuta, njira imene ambirife timaidziwa ndi imodzi basi, kupita ku chipatala cha boma ku Chiradzulu kukalichotsa. Komatu ilipo njira ina yopulumutsira dzino lobooka kwambiri kapena lobenthuka. Madokotala amaitcha crown, ife tingati chisoti cha dzino. Amayi ena amakaikitsa chisotichi ku Blantyre mothandizidwa ndi ana awo a m'tauni, ndipo ana athu ena amabwera nacho kuchokera ku Joni.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'choti atalipira ndalama zochuluka, dzino lija limawawabe. Wina amathamangira kukalichotsa, ndalama n'kulowa m'madzi. Wina amangopirira mpaka tsaya kutupa. Cholinga cha phunziroli n'choti tidziwe kusiyanitsa ululu umene umatha wokha ndi ululu umene ukutiuza kuti tibwerere ku chipatala.

CHISOTI CHA DZINO N'CHIYANI?

Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikamba choyera cholimba kwambiri, chomwe sichimva kanthu. Pansi pa chikambacho pali gawo lachikasu lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowera m'kati. Pakatikati pali mtima wa dzino, momwe muli mitsempha ya magazi ndi mtsempha womvera ululu.

Dzino likadyeka kwambiri moti kumata sikungathandizenso, dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi n'kulipala mbali zonse ndi pamwamba pomwe, kuchotsapo pafupifupi milimita imodzi kapena awiri. Akatero amadinda manowo ndi phala lofewa kuti atenge muyeso, n'kuutumiza kwa amisiri opanga mano. Podikira, dzinolo amaliveka chisoti chongogwirizira. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri m'pamene amamatapo chenicheni ndi simenti yapadera. Chisoti cha porcelain chimapangidwa ndi dothi loyera lootcha, longa lija la makapu a tiyi, ndipo chimaoneka ngati mano anzake.

Ntchito imeneyi sipezeka paliponse. Mu 2019, pamene College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland, m'dziko lonse lino munali madokotala a mano osakwana 50. M'zipatala za m'maboma timathandizidwa ndi ma dental therapist, amene ntchito yawo yaikulu ndi kuchotsa, kumata ndi kutsuka mano. Choncho mayi wa ku Ndunde wofuna chisoti amayenda ulendo wa ku Blantyre kosachepera kawiri. Thiransipoti ndi yodula, n'chifukwa chake tiyenera kudziwa nthawi yodikira ndi nthawi yobwerera.

ULULU UMENE UMATHA WOKHA

1. Dzanzi likatha, pamene panabayidwa jakisoni pamawawa, ndipo nsagwada zimamveka zotopa chifukwa choyasamula nthawi yaitali. Izi zimatha pa masiku awiri kapena atatu.

2. Nkhama zozungulira dzinolo zimafiira ndi kupweteka chifukwa zinakhudzidwa ndi zipangizo. Kawirikawiri zimapola sabata isanathe.

3. Dzino limalasa mukamwa madzi ozizira a mumtsuko, tiyi wotentha kapena mukapumira pakamwa m'mawa kukuzizira. Chifukwa chake n'choti chikamba chija chinapalidwa, ndiye timabowo tija timafikitsa kuzizira ku mtsempha. Kulasa kotereku kumabwera mwadzidzidzi n'kutha nthawi yomweyo, ndipo kungapitirire kwa milungu ingapo.

Chizindikiro chachikulu cha ululu wosadetsa nkhawa n'choti umanka nuchepa tsiku ndi tsiku. M'masiku amenewa idyani zofewa monga phala, mbatata yophika, nthochi ndi nsima yosalimba, ndipo tafunirani mbali inayo. Chukuchani m'kamwa katatu pa tsiku ndi madzi ofunda a m'kapu imodzi othira theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Panado amathandiza mukamamwa monga mwauzidwira. Bufeni ndi wosayenera kwa mayi woyembekezera kapena wodwala zilonda za m'mimba, pokhapokha dokotala atanena. Musaleke kutsuka dzinolo poopa ululu, ingotsukani pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa.

ULULU WOFUNA KUTI TIBWERERE

1. Mukaluma, dzino lovekedwalo likuyamba ndilo kugunda anzake asanakumane, ndipo likupweteka potafuna. Apa ndiye kuti chisoti chatalika pang'ono. Vutoli ndi laling'ono, dokotala amangochipala kwa mphindi zochepa. Koma mukalekerera, muzu wa dzino umapwetekeka chifukwa ukusenza wokha katundu wa mano onse.

2. Dzino likuwawa lokha popanda cholikhudza, likugunda ngati mtima, likukudzutsani usiku, kapena mukamwa chotentha ululu ukukhalitsa. Izi zikutanthauza kuti mtsempha wa m'kati watupa kapena ukufa. Panado angathe kuziziritsa kwa maola ochepa koma sachiza. Dokotala angathe kuchotsa mtsemphawo, kutsuka muzu ndi kuumata, dzino n'kutsala. Chithandizochi amachitcha root canal.

3. Chisoti chikugwedera, chasweka kapena chagwa. Chikagwa chisungeni m'kabotolo koyera ndipo mupite nacho. Musachimate nokha ndi supagulu.

4. Dzino lakhala bwino kwa zaka, kenaka layamba kuwawa kapena kununkha. Kumbukirani kuti chisoti sichiola, koma dzino lili pansi pake limaola. Tizilombo timalowera m'mphepete, pamene chisoti chakumana ndi nkhama.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Izi n'zofunika kwa wina aliyense wodwala dzino, kaya lili ndi chisoti kaya ayi. Ngati tsaya, pansi pa chibwano kapena pafupi ndi diso patupa, thupi latentha, kamwa likukanika kutseguka, kapena munthu akuvutika kumeza ndi kupuma, musadikire kuti kuche kapena kuti mwana atumize ndalama. Mafinya a m'dzino amatha kufalikira m'khosi n'kutseka njira ya mpweya, munthu n'kutaya moyo. Fulumirani ku chipatala chathu chaching'ono cha Ndunde kapena ku Chiradzulu. Odwala kwambiri amawatumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Apa sitiganizanso zopulumutsa chisoti, tikupulumutsa munthu.

ZIMENE TISACHITE

Dzino likavuta usiku, alangizi amachuluka. Ena amati ikanipo asipulini, ena fodya wopera, ena mpaka madzi a batire. Asipulini woika pa nkhama amaotcha n'kusiya chilonda. Madzi a batire ndi asidi, amawononga m'kamwa monse. Ululu ukaleka mwadzidzidzi pambuyo pa masiku owawa kwambiri, nthawi zina ndiye kuti mtsempha wafa, ndipo chotsatira chake ndi chotupa. Tisagulenso makapisozi pa msika n'kumangomwa awiri atatu. Mankhwala otere amalembedwa ndi a chipatala, ndipo paokha sachotsa gwero la vuto lomwe lili m'dzino.

TISANAVOMERE CHISOTI

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musachite manyazi pamaso pa dokotala, dzinolo ndi lanu ndipo ndalamazo ndi zanu. Funsani izi: Kodi mtsempha wa dzinoli uli bwino, kapena lifunika root canal poyamba? Kodi kumata kokha sikungakwane? Ndibwera kangati, ndipo mtengo wonse ndi wotani? Nanga likadzavuta, ndidzalipiranso? Auzeni ngati muli oyembekezera, ngati muli ndi shuga kapena BP, ndiponso mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV. Pa tsiku lomata chisoti, musanyamuke pampando musanalume bwinobwino n'kumva ngati mano akukumana monga kale. Kulankhula pamenepo kungakupulumutseni ulendo wina wa ku Blantyre.

KUSAMALA DZINO

Chisoti chosamalidwa bwino chimatha kukhala zaka 10 kapena kuposerapo. Porcelain ndi yolimba koma imabenthuka ngati kapu, choncho musasendere nzimbe, kukukuta chimanga chokazinga, kuswa mafupa kapena kutsegula botolo ndi dzino limenelo. Tsukani mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ndipo samalitsani m'mphepete mwa nkhama.

Tisaiwalenso kuti chisoti chimabwera kumapeto kwa vuto lomwe linayamba ndi kabowo kakang'ono. Chimene chimaboola mano ndi asidi amene tizilombo ta m'kamwa timapanga tikadya shuga wotsalira. Ndife amayi amene timathira shuga m'tiyi ndi m'phala, ndifenso timagulira ana maswiti, mafilizesi ndi zakumwa zotsekemera. M'mera mpoyamba. Tikachepetsa zotsekemera pakhomo ndi kupita ku chipatala kabowo kakadali kakang'ono, ana athu ambiri sadzafuna chisoti kapena kuchotsa dzino.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO

1. Tchulani kusiyana kwa ululu umene umatha wokha ndi ululu wofuna kubwerera kwa dokotala.

2. Ndi zinthu ziti zimene anthu m'mudzi mwathu amaika m'dzino lowawa? Tingawalangize bwanji mwaulemu?

3. Mnzathu akatupa tsaya usiku ndipo alibe ndalama yoyendera, gulu lathu lingakonzekere bwanji kuti afike msanga ku chipatala?

4. Kodi pakhomo pathu tingasinthe chiyani mwezi uno pofuna kuteteza mano a ana ndi zidzukulu?