Za Phala la Mwana

Phunziro la mwezi uno, la amai ndi atate a mu Mpingo

Mwezi uno tiphunzirane za kuphikira ana ang'ono. Kapena wina adzati, Kodi nkhani ya mphika ndi mthiko ilowa bwanji m'kalata wa Mpingo? Koma kumbukirani kuti Ambuye wathu, ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo, sanaiwale njala ya mwanayo, koma anauza a m'nyumbamo kuti amdyetse (Marko 5:43). Tsono ife sitiyenera kupeputsa chimene Iye sanachipeputse. Ana ambiri abadwa amphamvu, nayamwa bwino, nanenepa. Koma pofika nyengo ya kuyamba phala aonda, nadwaladwala, ndipo ena tawaika m'manda asanayende. Makolo athu anati, Mmera mpoyamba. Chifukwa chache tiyang'ane bwino chiyambi chimenechi.

1. Bere lokha miyezi 6

Mwana wosakwana miyezi 6 safuna kanthu kena koma mkaka wa amache. Musampatse madzi, ngakhale m'mwezi wa dzuwa lotentha, pakuti madzi omkwanira ali mumkakamo. Musampatse phala, kapena madzi a mizu, popeza matumbo ache ali anthete, ndipo zinthu izi zimtsegula m'mimba. Bungwe losamala za umoyo pa dziko lonse, lochedwa WHO, linakhazikitsa langizo limeneli m'chaka cha 2001. Ikakwana miyezi 6, mkaka wokha sumkwaniranso, ndi zopanga magazi zimene anabadwa nazo m'thupi zayamba kutha. Pamenepo ndipo muyambe phala. Koma bere lisaleke. Mwana ayamwebe kufikira zaka 2, kapena kupitirirapo.

2. Choipa cha phala lamadzi

Amai ambiri, pochitira mwana chifundo, aphika phala la ufa woyera, lamadzi, loti angathe kummwetsa. Taonani kulakwa kwache. Mimba ya mwana wa miyezi 8 iri yaing'ono, ngati kapu imodzi ya tiyi. Mukaidzaza ndi madzi oyeretsedwa ndi ufa pang'ono, mwana akhuta, nagona, koma thupi lache silinalandire kanthu. Ndiponso ufa woyera wataya zabwino zambiri: pokonola zachoka ndi gaga, ndi zina zatsalira m'madzi a mphale. Chifukwa chache phala la mwana likhale la mgaiwa, ndipo likhale lolimbako. Muyeso wache ndi uwu: tapani phala pa supuni, nimuipendeke, likakhala pa supunipo ndi kugwa pang'onopang'ono, liri bwino, likatsanuka ngati madzi, muonjezere ufa.

Koma ngakhale mgaiwa pa wokha sukwana. Chimanga chipatsa mphamvu, koma chomanga thupi ndi chochinjiriza matenda chiri m'zakudya zina. Munthu wamkulu sadya nsima yosinkha. Nanga mwana adyerenji phala lopanda ndiwo zache?

3. Kaphikidwe

Yambani ndi phala la nsinjiro, pakuti mtedza ulipo m'nyumba zambiri. Sankhani mtedza wabwino, nimutaye wonse wachuku, wofumbwa ndi wonyala, chifukwa chuku cha mtedza ndi cha chimanga chiri ndi ululu woononga chiwindi, ndipo moto suupha. Sinjani, nimusefe. Tsono tengani masupuni 4 a mgaiwa ndi supuni imodzi ya nsinjiro, muzisungunule m'madzi ozizira pang'ono kuti phala lisachite mibulu, nimutsanulire mu mphika wa madzi owira, ndi kutakasa kosalekeza kufikira labwata. Chepetsani moto, lipse mphindi 15. Mukaphula, thirani kasupuni kakang'ono ka mafuta ophikira, nimulipoletse.

Amene alima soya achite chotere: akazinge soya kufikira atuluka pfungo lokoma, pakuti soya wosakazinga abvuta m'mimba, ampale ndi kumpeta kuti makoko achoke, pamenepo asakanize mbale 4 za chimanga ndi mbale imodzi ya soya, napite nazo ku chigayo. Ufa umenewu ufanana ndi uja uchedwa Likuni Phala, umene unatenga dzina lache ku mishoni ya Likuni, pafupi ndi Lilongwe. Musagayitse wambiri nthawi imodzi, chifukwa ufa wa mafuta sukhalitsa.

Mwana akazolowera, sinthani zosakaniza tsiku ndi tsiku. Lero swani dzira m'phala liri pamoto, nimutakase kufikira lapsa ndithu. Mawa kazingani usipa kapena matemba, musinje kufikira akhala ufa wopanda minga, nimuthire supuni imodzi. Mkucha muphike nyemba, khobwe kapena nandolo, muchotse makoko ndi kuzipota. Tsiku lina tapani bonongwe, nkhwani kapena chisoso chophika, musanathire chidulo, nimuchisinje chisalale. Dzungu ndi mbatata yofiira m'kati zipotedwa msanga, ndipo zisunga maso a mwana ndi kumlimbitsa pa matenda. Nthochi yakupsa, papaya, mango ndi peyala sizifuna moto. Muzikanye ndi supuni m'mbale yotsuka. Aphungu a za chakudya m'dziko lathu agawa zakudya m'magulu 6: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, zamasamba, zipatso, ndi mafuta. Mai wanzeru ayesa kuti mwana alaweko magulu ambiri dzuwa lisanalowe.

Alipo ena oletsa ana mazira. Mwambo umenewo ulanda mwana chakudya chabwino chimene chiri pakhomo pomwe. Zoyenera kuletsa ndi izi: uchi, mwana asanakwane chaka, tiyi, pakuti achepetsa zopanga magazi zimene mwana akadalandira m'chakudya, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, ndi mtedza wathunthu, umene ungamtsamwitse. Mchere ukhale wochepa ndithu, ndi shuga safunika.

4. Kangati, ndi kochuluka bwanji

Wa miyezi 6 kufikira 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Muyambe ndi masupuni 2 kapena 3, nimuonjezere pang'onopang'ono kufikira theka la kapu yaikulu, ndiyo ya mamililita 250. Wa miyezi 9 kufikira 11 adye katatu kapena kanai, theka la kapu nthawi iri yonse, ndipo ayambe kugwira yekha tizidutswa tofewa. Wa chaka chimodzi kufikira zaka 2 adye zakudya za banja lonse, nsima yofewa ndi ndiwo zenizeni, si msuzi wokha ai, katatu kapena kanai, ndi chipatso pakati pache. Akhale ndi mbale yache, pakuti m'mbale ya onse akulu ache adzamthera. Khalani naye, mumnyengerere ndi kumlankhula, osamkakamiza kapena kumtsina mphuno. Akakana chakudya chatsopano lero, muyesenso tsiku lina.

5. Za ukhondo

Chakudya chabwino chiipa ndi manja akuda. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike, musanadyetse mwana, mutachoka ku chimbudzi, ndi mutasintha thewera; musambitsenso manja a mwanayo. Bvundikirani mphika chifukwa cha nchenche. Phala la m'mawa likatha maora 2, musampatse lozizira, koma mulibwatitsenso. Mwana akatsegula m'mimba musamane bere kapena phala. Mumpatse madzi a Thanzi, nimupite naye ku chipatala. Akachira, muonjezere chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata 2, kuti abweze thupi.

6. Nthenda yotupa

M'chaka cha 1933 dokotala wamkazi, dzina lache Cicely Williams, wogwira nchito ku Gold Coast, dziko limene lero lichedwa Ghana, analemba za ana otupa mapazi, a tsitsi lofiirira, a khungu losupuka, amene anadyetsedwa phala la chimanga lokha. M'chaka cha 1935 anaicha nthendayo kwashiorkor, monga anaichera kale anthu a mtundu wa Ga, kunena nthenda yogwira mwana wochotsedwa pa bere chifukwa cha mng'ono wache. Nthendayi idza ndi kuperewera kwa zakudya zoyenera, ndipo chikuku ndi kutsegula m'mimba ziikulitsa.

Kwathu kuno mwana akatupa chotero, ambiri ati ndi tsempho, naneneza atate kapena amache kuti asempha mwambo. Ndipo masiku atha ndi milandu ndi kufunafuna mizu, mwana alikufooka. Akristu, musatero. Tsindikani chala chachikulu pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge kufikira 3, nimuchotse; pakatsala kadzenje, mumnyamule tsiku lomwelo ku chipatala, kumene ali ndi mkaka wache wa nthendayi ndi chiponde chochiritsira. Ndipo musadikire kutupa: pitani naye ku sikelo mwezi ndi mwezi, pakuti sikelo iona kuonda maso a amache asanakuone.

7. Mau kwa atate

Inu amuna, musati phunziro iri nla akazi okha. Ngati mugulitsa mtedza wonse ndi soya yense pa nthawi ya masika, nanga mkazi wanu adzathira chiyani m'phala mwezi wa Januwale? Patulani gawo la mwana musanapite ku msika. Nkhuku zikaikira, dzira lina likhale lache. Bzalani papaya ndi nthochi kuseri kwa nyumba, ndi ndiwo kudimba. Ndipo amai afutse mfutso, auyanike pamthunzi, kuti masamba asasowe m'chilimwe. Mai woyamwitsa adye nakhute, nimumpeputsire nchito ya kumunda kuti apeze nthawi ya kuphikira mwana. Pa ubatizo munalonjeza kulera mwanayo m'kuopa Mulungu. Tsono mumsunge ndi moyo, kuti akule ndi kumva Mau.

Ndipo inu amai a chigwirizano, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukasonkhana Lachinai, mubwere ndi mphika, mgaiwa ndi nsinjiro, muphike pamodzi pamaso pa amai a mwana woyamba; muwerengerenso phunziro iri iwo osadziwa kuwerenga, ndi agogo omwe, pakuti ndiwo atsala ndi ana pakhomo.

Mafunso a kukambirana

1. Mwana ayambe phala ali ndi miyezi ingati, ndipo chifukwa ninji?
2. Mudziwa bwanji kuti phala lalimba mokwanira?
3. Ndi zakudya ziti za m'mudzi mwanu zimene mungathire m'phala mwezi uno?
4. Mwana akatupa mapazi, Mkristu achitenji?

Mtendere wa Ambuye ukhale pa nyumba zanu ndi pa ana anu.

Ine mbale wanu,
Mphunzitsi wa Mpingo