Zimene timatayira nkhumba

Ana inu, tsekani makope mumvetsere kaye. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse, koma pa okosijeni amene timapuma umatenga pafupifupi 20 peresenti. Pogwiritsa ntchito mpweyawo pamatsala tizinthu totchedwa ma free radical, timene timadya maselo pang'onopang'ono monga dzimbiri lidyera khasu logona pamvula. Zotchinjiriza maselowo ndi ma antioxidant: vitamini C, vitamini E, carotene ndi polyphenol. Chomera chimasunga zambiri mwa izi m'masamba ndi m'makhungu, poti ndiwo amalimbana ndi dzuwa komanso tizilombo.

Tsono onani zomwe timachita kuno ku Katete, ku Sinda mpaka ku Vubwi. Tikakonola chimanga, gaga amapita kwa nkhumba, wina kwa ophika kachasu, ife n'kutsala ndi ufa woyera. Chikhalirecho m'gagamo ndimo muli ferulic acid wambiri, ndipo kamtima ka njere, kokhala ndi vitamini E, kamapita nawo. Mgaiwa umene mumaunyoza kuti ndi wa osauka uli nazo zonsezi. Nshawa nazonso, kaya Chalimbana kaya MGV4, tikakazinga timazifikisa n'kupeta, kakhungu kodzaza polyphenol n'kuuluka ndi mphepo. Kholowa amasiyidwa m'munda tikakumba mbatata. Chibwabwa chokha ndicho mumachipatsa ulemu.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi kukumbukira? Mu 1999 James Joseph ndi anzake ku Tufts University anadyetsa makoswe okalamba chakudya chosakaniza ndi sipinachi kapena zipatso kwa milungu 8. Atawaika m'madzi kuti apeze pokwera pobisika, anagwira njira bwino kuposa anzawo. Mu 2018 Martha Clare Morris wa ku Rush University, Chicago, anafalitsa zimene anapeza pa okalamba 960: odya ndiwo zamasamba tsiku lililonse nzeru zawo zinkafooka mochedwa, ngati kuti ndi ocheperapo ndi zaka 11 poyerekeza ndi odya mwa apo ndi apo.

Musathamange nazo. Khoswe si mwana wasukulu, ndipo okalamba aja mwina ankasiyananso pa zina, osati pa ndiwo pokha. Wina asadye mphika wa bonongwe usiku woti mawa mayeso n'kumayembekeza kukhoza masamu amene sanawerenge. Chimene ine ndikuona n'chakuti chakudya chotere chimasamala ubongo pa zaka zambiri, ndipo ife tili nacho kale, osagula.

Kaphikidwe ndiko kamatigwetsa. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga, inde, koma zimawononga vitamini C. Kuwiritsa nthawi yaitali n'kukhetsa madzi n'chimodzimodzi. Mfutso woyanika padzuwa lamphamvu umataya carotene wambiri. Wa pamthunzi podutsa mphepo umasunga wochulukirapo. Kutendera ndiye nzeru yeniyeni ya agogo anu, chifukwa carotene amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndipo nsinjiro zili nawo.

Chenjezo limodzi. Nshawa kapena chimanga chochita chuku chikhoza kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Zoterozo tayani, ngakhale nkhumba musazipatse.

Lolemba aliyense abwere atalemba ndiwo zamasamba zimene zadyedwa kwawo sabata ino, ndi mmene zinaphikidwira. Mufunse amayi kapena agogo mwaulemu, osati kukawaphunzitsa kuphika.