Kodi Nkhope ya Khanda Imatiuza Ciani?

Amai anzanga, pa msonkhano wa Cigwirizano sipasowa khanda pamsana kapena pamiyendo. Likangolira, aliyense amakhala ndi yankho lake. Wina akuti ndi njala, wina akuti ndi tulo, ndipo ambuya akuti, "Uyu watengera ukali wa atate ake." Tonse tayang'ana nkhope imodzi, koma taona zosiyana. M'phunziro lino tione zimene nkhope ya khanda imanenadi, ndiponso zimene timangoonjezerapo tokha.

Zimene zimaoneka poyera

Khanda likalawa cotsekemera nkhope yake imamasuka, koma likalawa cowawa limakwinya nkhope. Kumwetulira koyankha munthu kumayamba pa masabata 6 kufikira 8. Ululu naonso uli ndi nkhope yake. Mu 1987 akatswiri a ku Canada, Ruth Grunau ndi Kenneth Craig, analongosola zizindikiro zake mwa ana ongobadwa kumene: nsidze zimatsika ndi kukumana, maso amatsinzina mwamphamvu, mizere yocokera pamphuno kutsikira kumbali kwa milomo imazama, ndipo pakamwa pamayasama. Tisadikire misozi ai, pakuti m'masabata oyamba khanda limalira popanda misozi kutsika.

Pamene timalakwitsa

Kusiyanitsa mwana wokondwa ndi wovutika nkosavuta. Covuta ndico kudziwa ngati ndi mkwiyo, mantha kapena cisoni, cifukwa mwa makanda nkhope zimenezi zimasakanikirana. Apa ndi pamene maganizo athu amalowerera.

Mu 1976 John ndi Sandra Condry a ku Cornell University ku America anaonetsa anthu kanema wa mwana wa miyezi 9 akulira atadzidzimuka ndi cidole cotumphuka m'bokosi. Ena anauzidwa kuti mwanayo ndi mnyamata, ena kuti ndi mtsikana. Oyambawo anapendekera kunena kuti wakwiya, pamene enawo anapendekera kunena kuti waopa. Mwana anali mmodzi yemweyo.

Kodi ife siticita cimodzimodzi? Tikanena kuti khanda ndi laukali kapena likucita dala, timaleka kufufuza. Nkhope imangonena kuti, "Sindiri bwino." Cifukwa cake ticifune kwina: wayamwa liti? Thewera liri bwanji? Thupi latentha kodi? Cinacitika nciani asanayambe kulira?

Nalonso limawerenga nkhope yathu

M'zaka za m'ma 1970 Edward Tronick anapempha amai kusewera ndi makanda ao, kenaka kuumitsa nkhope kwa mphindi zocepa, osaseka, osayankha. Makandawo anayesa kuwakopa ndi kumwetulira ndi timau. Zitakanika anayang'ana kumbali, ndipo ena analira. Amai atayambanso kuyankha, anawo anakhazikika pang'onopang'ono. Tikumbukire zimenezi pamene maso athu akhalitsa pa foni mwana ali pamiyendo.

Tikumbukirenso mai amene wagwidwa ndi matenda a kuvutika maganizo atabereka. Nkhope yake imazizira, osati cifukwa sakonda mwana, koma cifukwa akudwala. Pokaona mwana watsopano tiyang'anenso nkhope ya mai wake. Timuthandize nchito, timumvetsere, ndi kumuperekeza kucipatala m'malo momudzudzula.

Nkhope yacete

Khanda lolira limatithamangitsa, koma lacete timaliyamikira kuti ndi lofatsa. Cenjerani, amai. Mwana amene wafooka, akugona mopitirira, sakudzuka bwino, wakana bere, akupuma mofulumira, watentha kapena wazizira thupi, kapena wakomoka, apite kucipatala tsiku lomwelo. Wina akadutsa miyezi itatu osamwetulira kapena osatsata nkhope ndi maso, tiwauze anamwino ku kiliniki ya ana.

Khanda silingathe kudzinenera lokha. Tisanalipatse mbiri yoipa, tiyambe taliyang'anitsitsa.

Mafunso okambirana

1. Ndi mau otani amene timanenera makanda olira kwathu kuno? Kodi timanena zofanana kwa anyamata ndi atsikana?
2. Tingaphunzitse bwanji atate ndi ana okulirapo amene timawasiyira khanda kuzindikira nkhope ya ululu?
3. Kodi m'dera lathu muli mai wobereka kumene amene tiyenera kukamuona sabata lino?